Margaret Woyera wa ku Scotland: mtengwa amene anasanduka nkhoswe ya dziko la eni

Funso: Ndinabadwa pa 16 November, ndipo pa ubatizo wanga akatekisiti anauza makolo anga kuti tsikuli ndi la Margaret Woyera, mfumukazi ya ku Scotland. Dzina langa linachokera pamenepo. Ndinakwatiwa m'banja la CCAP. Tsiku lina apongozi anga aakazi, omwe ndi mayi wa Mvano, anaona kachithunzi ka Margaret m'buku langa la mapemphero n'kundifunsa, osati monyoza ayi, kuti: "Kodi mfumukazi yodyera m'mbale zagolide inayera bwanji? Nanga kuitana munthu wakufa si zomwe zija amishoni analetsa agogo athu?" Ndinangoti kukamwa yasa. Chonde ndithandizeni. Ndine mayi wa ku Balaka.

Yankho: Mayi, apongozi anu musawaone ngati akukutolani. Mafunso onse awiri ndi enieni, ndipo lachiwirilo eni ake a ku Scotland anakangana nalo mpaka kugumula matchalitchi. Mpingo umene apongozi anu amauvalira yunifolomu ya Mvano unabwera kuno ndi amishoni ochokera m'dziko lomwelo: mishoni ya Livingstonia mu 1875, ya Blantyre mu 1876. Makolo a mpingo umenewo ndi amene anapasula malo olemekezerapo Margaret m'tauni ya Dunfermline ku Scotland mu 1560. Ndiye inu ndi apongozi anu, pakhonde panu ku Balakako, mwasenza mlandu wa eni wa zaka zoposa 460.

Tiyambe ndi mwini wake dzinalo, poti oyera otchedwa Margaret alipo angapo ndipo anthu amawasokoneza. Kuli wa ku Antioch, kuli Margaret Mary Alacoque uja wa Mtima Woyera wa Yesu, kulinso wa ku Hungary amene anali sisteri. Wanuyu anali mayi wapabanja, wa ana 8, ndipo ku Scotland sikunali kwawo. Agogo ake aamuna, Edmund Ironside, anali mfumu ya England. Atamwalira mu 1016, ufumu unagwa m'manja mwa Cnut wa ku Denmark, ndipo ana a malemuwo, akadali makanda, anawatulutsa m'dzikomo. Mmodzi wa iwo, Edward, anakakulira ku Hungary, n'kukwatira mayi wotchedwa Agatha. Kumeneko ndi kumene Margaret anabadwira cha m'ma 1045. Mu 1057 banjali linaitanidwa kubwerera ku England chifukwa mfumu Edward the Confessor inalibe mwana woilowa m'malo, koma bambo a Margaret anamwalira patangopita masiku ochepa atafika. Mu 1066 William wa ku Normandy analanda dziko. Mlongo wake wa Margaret, Edgar, akuluakulu ena anamusankha kukhala mfumu, koma anali mnyamata ndipo chisoti sichinamufike pamutu. Mu 1068 mayi ndi ana ake atatu anathawira kumpoto. Mtsikana wobadwira kothawira uja anasandukanso wothawa kwawo kachiwiri.

Amene anawalandira anali Malcolm III, mfumu ya Scotland, yemwe anapha mfumu Macbeth pa nkhondo mu 1057. Anali munthu wa nkhondo, wosadziwa kuwerenga, wokhala ndi ana kale kwa mkazi wake woyamba, Ingibiorg. Buku lakale la mbiri ya England, Anglo-Saxon Chronicle, limanena kuti Margaret anakana ukwatiwo chifukwa ankafuna kudzipereka kwa Mulungu wosakwatiwa, ndi kuti abale ake anavomera poti anali m'manja mwa mwini dziko. Woti wakusunga ndipo kwina kothawira ulibe, umamukana bwanji? Anakwatirana ku Dunfermline cha m'ma 1070. M'chinenero chathu Margaret anali mtengwa, ndipo mawu amenewa muwasunge chifukwa akutithandiza kutsogoloku.

Zambiri zimene timadziwa za moyo wake wa m'nyumba zimachokera kwa Turgot, mkulu wa amonke a ku Durham amene pambuyo pake anakhala episkopi wa St Andrews. Ankamudziwa Margaret maso ndi maso ndipo anali mlangizi wake pa zauzimu. Analemba pakati pa 1100 ndi 1107 atapemphedwa ndi mwana wamkazi wa Margaret, Matilda, amene panthawiyo anali atakwatiwa ndi Henry I n'kukhala mfumukazi ya England. Matilda anachoka pakhomo ali wamng'ono ndipo mayi ake sanawadziwe bwino. Choncho bukulo muziliwerenga ngati mbiri ya malemu ija imawerengedwa pamaliro: wowerengayo sanama, koma amasankha zonena, ndipo amadziwa kuti ana amasiye akumvetsera. Turgot ankapatsa mfumukazi yachitsikana kalilole woti iziyang'anamo.

Tsono ku funso loyamba la apongozi anu. Za mbale zagolidezo sananame. Turgot mwini akunena kuti Margaret ndi amene anakweza ulemerero wa nyumba yachifumu. Anakopa amalonda akunja kuti azibwera ndi katundu amene anthu kumeneko anali asanamuonepo, analimbikitsa anthu a pabwalo la mfumu kugula nsalu zamitundumitundu, anakongoletsa nyumba ndi nsalu zapakhoma, ndipo patebulo pa mfumu pankabwera mbale zagolide ndi zasiliva kapena zokutidwa nazo. Anawonjezera anthu operekeza mfumu paulendo, koma anawaletsa kulanda zinthu za anthu m'midzi imene akudutsa. Margaret sanavule ufumu n'kukavala chiguduli. Amene akufuna woyera wotaya zonse ngati Francis wa ku Assisi, pano sapeza.

Chimene anachita ndi kulowetsa osauka m'nyumba momwemo. Turgot akufotokoza tsiku lake m'nyengo ziwiri zosala, masiku 40 Khirisimasi isanafike ndi nyengo ya Lenti. Usiku ankadzuka kukapemphera m'tchalitchi. Pobwerako ankapeza osauka 6 akumudikira, ndipo iye ndi mfumu ankawasambitsa mapazi. Kukacha ankamubweretsera ana amasiye 9, makanda opanda wowasamala. Ankawakhazika pamiyendo mmodzimmodzi n'kumawamwetsa chakudya chofewa, tinene kuti phala, ndi supuni yake yomwe iye ankadyera. Mayi aliyense amene anamwetsapo mwana phala akudziwa kuti imeneyi si ntchito yoti uvale nsalu yabwino: mwana amalavula, amapotoza mutu, amagwira supuni, phala limathera pachifuwa pako. Kenako osauka 300 ankalowa m'holo yachifumu, zitseko n'kutsekedwa, mfumu kuyamba kugawa chakudya mbali iyi, mfumukazi mbali inayo. Kupatula amenewa panali anthu 24 amene ankawasunga chaka chonse ndipo ankayenda nawo kulikonse kumene wapita. Iye ankadya iwo atadya.

Pali kankhani kena kamene ndimakakonda chifukwa kamaonetsa banja lenileni. Zake zikatha, Margaret ankatapa za mwamuna wake, ngakhale ndalama zagolide zimene mfumu inkasungira chopereka cha Lachinayi Loyera. Malcolm nthawi zambiri ankangokhala ngati sakuona, koma nthawi zina ankamugwira dzanja ndalama zili momwemo n'kumuseka kuti wagwidwa, mlandu wamupeza. Bambo yemweyu, amene sankadziwa chilembo n'chimodzi chomwe, ankatenga mabuku a mapemphero a mkazi wake n'kumawatembenuza m'manja, kuwapsompsona, ndipo limene waona kuti mkaziyo amalikonda kwambiri ankaitanira mmisiri kuti alikute ndi golide ndi miyala yamtengo wapatali.

Koma musafulumire kumwetulira. Malcolm yemweyo analowa kumpoto kwa England ndi nkhondo maulendo 5, kutentha midzi ndi kugwira anthu. Wolemba mbiri wa ku Durham anadandaula kuti itatha nkhondo ya mu 1070, akapolo achingerezi anali mbwee m'midzi ya ku Scotland. Turgot akuti Margaret ankatuma anthu mwakachetechete kukafufuza akapolo amene akuzunzidwa kwambiri, n'kuwaombola ndi ndalama zake kuti abwerere kwawo. Taganizani bwino pamenepa. Anthu amene mkazi ankawaombola anali a mtundu wake, ndipo ambiri mwa iwo anawagwira ndi asilikali a mwamuna wake. Nkhondozo sanathe kuziletsa, ndipo yomaliza ndi imene inadzamudyera mwamuna ndi mwana. Ine ndikafunsidwa kuti kuyera kwa Margaret kunali pati, ndimaloza apa kuposa pa mapemphero ausiku aja: mayi wokhala pakati pa chuma chimene mbali ina chinabwera ndi magazi, wopanda mphamvu yosintha zonse, koma wosalola kuti mtima wake uzolowere.

Mbali imene akatswiri a mbiri amakanganapo kwambiri ndi ya misonkhano yake ndi atsogoleri a mpingo. Chikhristu ku Scotland chinali chakale, cha zaka mazanamazana, chozikika pa amonke a pachilumba cha Iona kuyambira nthawi ya Columba, mmonke amene anakhazikitsa malowo. Margaret anapeza miyambo ina yosiyana ndi imene anakulira, ndipo sanakhale chete. Pa msonkhano wina wa masiku atatu anatsutsana nawo yekha ndi anthu ake ochepa, Malcolm akumasulira, poti mfumukaziyo inkayankhula Chingerezi pomwe atsogoleriwo ankayankhula chinenero cha Gaelic. Nkhani yoyamba inali ya masamu. Iwo ankayamba Lenti Lolemba la sabata yoyamba. Masabata 6 ndi masiku 42, ndipo mukachotsapo masiku 6 a Lamulungu, amene Akhristu sasala, patsala 36. Kuti akwane 40 muyenera kuyamba Lachitatu la Phulusa. Yachiwiri inali yakuti anthu sankalandira Ukaristia ngakhale pa Pasaka, poopa mawu a Paulo aja a pa 1 Akorinto 11 onena za kudya ndi kumwa kosayenera. Yankho la Margaret linali lakuti ngati aliyense wochimwa ayenera kutalikira, ndiye palibe ndi mmodzi yemwe angalandire. Chofunika n'kulapa, kenako n'kubwera. Mantha amenewa, mwa njira, si a ku Scotland kokha. Pitani m'tchalitchi chilichonse kuno tsiku la mgonero muwerenge otsala pamabenchi.

Anadzudzulanso kugwira ntchito zolemetsa Lamulungu ndi kachitidwe kena ka Misa kamene Turgot anangokatcha kachilendo osafotokoza. Ndipo panali nkhani ya maukwati: mwamuna kukwatira mkazi wa malemu bambo ake amene si mayi ake omubereka, kapena kulowa m'nyumba ya mkazi wa malemu m'bale wake. Inde mayi, chokolo. Zaka zoposa 900 zapitazo mfumukazi ina kumpoto kwa Ulaya inkalimbana ndi mwambo umene mipingo yathu yalimbana nawo kuno m'nthawi yathu ino.

Apa ndi pamene mawu aja akuti mtengwa akugwira ntchito. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma funsani amene akumetedwayo ngati akukondwa. Mwa ana ake aamuna 6, palibe ndi mmodzi yemwe anapatsidwa dzina la makolo a Malcolm. Anayi oyamba ndi Edward, Edmund, Ethelred ndi Edgar, mayina a mafumu a kwawo kwa mayi. Otsiriza ndi Alexander ndi David. Pamudzi pathu pano mtengwa atachita zimenezo, azilamu ake angayankhule mpaka liti? Amonke amene anawaika ku Dunfermline anachita kuwapempha kwa Lanfranc, arkiepiskopi wa Canterbury ku England, ndipo kalata ya Lanfranc yomuyankha ilipo mpaka lero. N'zoona kuti ankalemekezanso amonke achikale a m'dzikomo, kuwayendera ndi kuwapatsa mphatso, ndipo wolemba wina wa nthawiyo akuti anakonzetsa nyumba ya amonke ya ku Iona. Komabe iye ndi Malcolm atangomwalira, akuluakulu a dziko anasankha Donald, m'bale wake wa Malcolm, n'kupirikitsa Angerezi onse amene anali pabwalo la mfumu. Anthu okhutira sachita zotero. Margaret sanali wokondedwa ndi onse, ndipo amene angakuuzeni kuti dziko lonse linamulira akuwonjezera mchere.

Ntchito yake imene yasiya dzina pamapu ndi ya pamadzi. Anthu opita kukapemphera ku St Andrews ankatsekerezedwa ndi Firth of Forth, pamene mtsinje umatambasuka polowa m'nyanja. Margaret anaikapo maboti owolotsa apaulendowo kwaulere, ngati pantoni, ndi nyumba zogona tsidya lino ndi tsidya linalo. Matauni awiriwo mpaka lero amatchedwa North Queensferry ndi South Queensferry, kutanthauza powolokera pa mfumukazi. Maboti anasiya kuwolotsa anthu pamenepo mu 1964 atamanga mlatho wa magalimoto, ndipo mlatho watsopano umene unatsegulidwa mu 2017 anautcha Queensferry Crossing.

Imfa yake inabwera motere. Kusala kudya kunamuwononga m'mimba, ndipo mu 1093 anakhala chigonere miyezi yoposa 6 m'linga la Edinburgh. Pa 13 November Malcolm anaphedwa pafupi ndi Alnwick ku England, ndipo mwana wawo woyamba, Edward, anavulazidwa n'kumwaliranso. Pa 16 November Margaret anadzikoka kukamva Misa, analandira Ukaristia, n'kubwerera pakama. Anaitanitsa mtanda wake wotchedwa Black Rood, umene ankakhulupirira kuti muli kachidutswa ka mtanda wa Ambuye, ndipo akunena Salimo lija la kulapa la Davide, mwana wake Edgar analowa kuchokera kunkhondo. Mayi anafunsa za bambo ndi za mkulu wake. Mnyamatayo anachita zomwe tonse timachita kuno tikatumidwa kukanena zovuta kwa wodwala, kuja timati "matenda akula" pomwe mtembo uli kale m'nyumba: anayankha kuti ali bwino. Margaret anamulumbiritsa pa mtanda uja kuti anene zoona. Atamva, anathokoza Mulungu kuti wamulola kumva ululu wotere pa mapeto kuti umuyeretse, anayamba pemphero limene wansembe amanena asanalandire Ukaristia, ndipo anatsirizika ali pa mawu opempha kuti apulumutsidwe. Anali asanakwanitse zaka 50. Turgot akuti zimenezi anazimva kwa wansembe amene anali pambali pa kama.

Chodabwitsa m'buku lonse la Turgot n'chakuti zozizwitsa mulibe, kupatula chimodzi, ndipo iye mwini akunena poyera kuti ntchito zachifundo za Margaret amaziona zazikulu kuposa zizindikiro, chifukwa zizindikiro amachita abwino ndi oipa omwe. Chimodzicho n'cha buku. Munthu amene ananyamula buku la Mthenga Wabwino la mfumukazi analigwetsa powoloka mtsinje osazindikira. Atalifunafuna analipeza pansi pamadzi lili chitsegukire, koma zilembo zosafufutika, kupatula chinyontho pang'ono pa masamba akumapeto. Mu 1887 laibulale ya Bodleian ku Oxford inagula kabuku kena kakale pa okushoni ndi mapaundi 6 okha. Mkati munali ndakatulo ya Chilatini yosimba za buku la mfumu ndi mfumukazi limene linagwera mumtsinje, ndipo mayi wina wophunzira, Lucy Hill, anazindikira kuti nkhaniyo ndi ya Turgot ija. Kabukuko kalipo mpaka lero. Wokayika anganene kuti masamba a chikopa ndi inki ya nthawi imeneyo sizisungunuka msanga ngati pepala la m'kope, ndipo sakulakwa. Kwa ine chachikulu n'chakuti tili ndi chinthu chimene manja ake anagwira.

Nanga anakhala bwanji "Woyera" wa pa kalendala? Panapita zaka zoposa 150. Ana ake atatu, Edgar, Alexander ndi David, analamulira Scotland motsatizana kuyambira 1097 mpaka 1153, ndipo mafumu otsatira anali zidzukulu zake. David anakweza nyumba ya amonke ya Dunfermline mu 1128, ndipo manda a mayi ake anayamba kukoka odwala. Amonke analemba zozizwitsa zoposa 40 za anthu amene ankagona pamandapo usiku n'kudzuka atachira, ndipo buku lake likusungidwa ku Madrid. Panthawiyo nkhani yolengeza munthu kukhala woyera inali itakhala ya Papa yekha, ndiye mfumu ndi amonke anatumiza pempho ku Roma, kafukufuku anachitika, ndipo Papa Innocent IV anavomera. Pa 19 June 1250 mafupa ake anasamutsidwira m'bokosi laulemu, mfumu Alexander III, mwana wa zaka 8, ikuonerera. Nthano ya amonke imati onyamula bokosilo atafika pa manda a Malcolm linalemera osanyamulika mpaka atafukulanso mwamunayo kuti apite limodzi.

Sindikubisirani kuti munalinso ndale. Mafumu a England anali ndi woyera wawo m'banja, Edward the Confessor, amene analengezedwa mu 1161, ndipo ankadzozedwa mafuta polongedwa ufumu pomwe a Scotland sankadzozedwa. Chilolezo chimenecho a Scotland anadzachipeza kwa Papa mu 1329. Kukhala ndi gogo woyera kunali kuuza England ndi Roma kuti nafenso ufumu wathu ndi wa Mulungu. Amonke nawo ankadziwa kuti alendo obwera kumanda sabwera chimanjamanja. Zimenezi sizifafaniza ana amasiye 9 aja, koma zimafotokoza chifukwa chake amayi ena achifundo a m'midzi ya nthawi yomweyo, opanda zidzukulu zachifumu, mayina awo sali pa kalendala.

Pambuyo pake ulemuwo unalowera kumene apongozi anu angagwedeze mutu, ndipo ine sindingawaletse. Malaya a m'kati a Margaret ankasungidwa ku Dunfermline, ndipo mfumukazi ikakhala yoyembekezera ankawatumiza kuti akhale nawo pochira. Mabuku a chuma cha mfumu akusonyeza kuti anatero pobadwa James III ndi James V. Mu 1566 Mary, mfumukazi ya Scotland, ali pafupi kuchira mwana amene anadzakhala James VI, anaitanitsa mutu weniweniwo wa Margaret kuti ubwere m'linga la Edinburgh. Tisawaseke msanga. Nthawi imeneyo kulowa m'chikuta kunali kuika mwendo umodzi m'manda, kwa mfumukazi ndi kwa wosauka yemwe, ndipo Margaret anali mayi amene analowamo maulendo 8 n'kutuluka wamoyo. Koma kunena zoona, mzere wolekanitsa chikhulupiriro ndi chithumwa pamenepa unali wopyapyala.

Zoterezi ndi zimene John Knox, mtsogoleri wa Apulotesitanti ku Scotland, ndi anzake anaukira. Mu 1560 nyumba ya malamulo ya Scotland inakana ulamuliro wa Papa ndi kuletsa Misa, ndipo chaka chomwecho Dunfermline inasakazidwa. Mafupa anali atabisidwa kale. Mutu uja unakathera ku koleji ya ansembe a ku Scotland mumzinda wa Douai, n'kusowa pa chipwirikiti cha kuukira boma ku France kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Mafupa ena anatengedwa ndi Philip II wa ku Spain kupita ku Escorial, nyumba yachifumu ndi ya amonke pafupi ndi Madrid. Kachidutswa ka fupa lapaphewa kanabwezedwa ku Scotland m'zaka za m'ma 1860, ndipo lero kali m'tchalitchi cha Katolika cha St Margaret ku Dunfermline. Pamalo pamene panali bokosi laulemu patsala mwala wapansi wokha, panja, kuseri kwa tchalitchi chimene tsopano ndi cha Church of Scotland. Tsiku lake linkakumbukiridwa pa 10 June, ndipo linasamukira pa 16 November mu 1969. Mukanabadwa kale chisanafike chaka chimenecho, akatekisiti akanakupatsani dzina lina.

Tsopano funso lachiwiri, limene kwathu kuno limapweteka mwapadera, chifukwa agogo athu analetsedwadi kuthira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa msolo, ndipo anawaletsa amishoni a mbali zonse ziwiri. Mpingo wa Katolika umasiyanitsa kupembedza, komwe n'kwa Mulungu yekha, ndi kulemekeza. Woyera sapatsidwa nsembe. Misa ya pa 16 November imaperekedwa kwa Mulungu, Margaret amangotchulidwamo. Sakwiya mukamuiwala, sagwetsa matenda pamudzi, safuna kupepesedwa ngati mzimu wa kholo. Chimene mumamuuza n'chakuti "mutipempherere", mawu omwewo amene mumauza anzanu a mumphakati, chifukwa Akatolika amakhulupirira kuti imfa sidula munthu m'thupi la Khristu. N'chifukwa chake timati nkhoswe: nkhoswe si mwini banja, imangokuyankhulira. Msonkhano wa maepiskopi a Katolika wa ku Trent mu 1563 unanena kuti kupempha oyera n'kwabwino ndi kothandiza, kuti Mpulumutsi ndi Khristu yekha, ndipo pomwepo unalamula kuti zamatsenga ndi kudyerapo ndalama zichotsedwe pa nkhani ya oyera ndi mafupa awo. Lamulo lotero silikanalembedwa kukanakhala kuti kunalibe vuto.

Mpingo wa apongozi anu umayankha kuti pa 1 Timoteo 2:5 mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi, kuti Malemba salamula paliponse kupempha omwalira, ndi kuti kusiyanitsa kupembedza ndi kulemekeza kumamveka bwino m'kalasi koma kumasungunuka munthu akagwada pamaso pa fano ali ndi mwana wodwala. Chivomerezo cha Westminster, chimene mpingo wa ku Scotland unalandira mu 1647, chimanena mosapsatira kuti ulemu wachipembedzo usapite kwa angelo, kwa oyera kapena kwa cholengedwa china chilichonse. Apongozi anu akunena zimene mpingo wawo umaphunzitsa, ndipo akuzinena molondola. Kusiyanaku n'kwenikweni, ndipo sindikulangizani kuti mukawauze kuti zonse n'chimodzimodzi. Chimene mungawauze moona n'chakuti simupembedza Margaret ndipo simumuthirira nsembe, mumamupempha pemphero, ndipo mukudziwa kuti iwo pamenepo savomereza. Kenako muwasimbire za phala lija, za akapolo, za maboti. Mayi wa Mvano amene amayenda mtunda kukasambitsa wodwala ndi kukagona pamaliro amuzindikira Margaret msanga kuposa mmene mukuganizira.

Ku Scotland komweko zinathera chapamenepo. Nditafika ku Edinburgh ndinakwera m'linga lija mpaka pamwamba penipeni pa thanthwe, pomwe pali katchalitchi kamene David anamangira mayi ake cha m'ma 1130. Ndi nyumba yakale kuposa zonse mumzindawo. Asilikali a Robert Bruce, mfumu ya Scotland, atalanda lingalo kwa Angerezi mu 1314 anagumula zonse n'kusiya kameneka. Chikatolika chitathetsedwa anakasandutsa mosungira wonga wa mfuti, anthu n'kuiwaliratu kuti kanali kachiyani, mpaka mu 1845 pamene munthu wina wofufuza zakale anakazindikira. M'kati mwake ndi mamita 3 okha m'lifupi, anthu 20 adzaza, ndipo ndinachita kudikira panja pamphepo kuti ena atuluke. Makoma ndi amiyala, mawindo ang'onoang'ono, ndipo pa limodzi pali chithunzi chake cha magalasi amitundu. Pafupi ndi guwa panali maluwa atsopano, madzi ake oyera. Amawaika ndi amayi a bungwe lina limene linayamba mu 1942, m'dziko limene mpingo wake waukulu ndi wa Chipresibateria, ndipo amasinthana sabata ndi sabata. Kuti munthu alowe m'bungwelo ayenera kukhala ndi dzina lakuti Margaret.